Gitala, Valavu ndi Waya Wachitatu

Manje ndi dera la mumzinda wa Blantyre limene lili m'munsi mwa phiri la Soche, moyandikana ndi Chiwembe ndi Limbe. Monga momwe zilili ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, achinyamata ambiri kumeneko akalemba mayeso a Fomu 4 amasowa kolowera, ndipo ena a iwo amadziponya pa luso la manja: kukonza mafoni, mawailesi, makanema ndi masipika a m'matchalitchi ndi m'malo omwera. Ukonzi wa masiku ano kawirikawiri ndi wozula ndi kuika. Kabolodi kakapsa, mmisiri amakachotsa n'kuikapo kena, ndipo sakhala ndi mpata wofunsa chimene chinakapsereza. Koma chilipo chipangizo china chakale chimene sichilola zimenezi. Chimenechi ndi ampulifaya ya gitala ya mavalavu, makina okuza mawu amene ziwalo zake zonse zimaoneka ndi maso, kotero kuti wophunzira angathe kuziwerenga ndi kuzimvetsa chimodzichimodzi. Angathenso kufa nayo ngati aiyamba mwaphuma.

Kudzipangira choimbira si chachilendo m'boma la Blantyre ndi maboma oyandikana nalo. Mabanjo a zitini za mafuta okhala ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga, pamodzi ndi babatoni wa nsambo imodzi, ndiwo analera oimba ambiri. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik anawapeza akuimba mu Blantyre mu 1967, anali ndi besi ya nsambo imodzi m'gulu lawo. Alan Namoko wa ku Thyolo ndi gulu lake la Chimvu Jazz anatchuka dziko lonse ndi zida za mtundu womwewo. Pamene magitala a magetsi anayamba kumveka kwa magulu ngati MBC Band ndi Likhubula River ya Robert Fumulani, panabadwa vuto latsopano. Banjo imalira yokha, koma gitala ya magetsi popanda ampulifaya ili ngati munthu wonong'ona m'chikho.

Valavu yeniyeniyo inafika m'midzi ya kuno kale kuposa gitala ya magetsi. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain, mopemphedwa ndi Harry Franklin amene ankayang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, inatulutsa wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special, kaamba koti thupi lake linali ngati sefuliya. Inali ndi mavalavu anayi, inkayendera batire lalikulu, ndipo mtengo wake unali mapaundi asanu. Anthu a ku Nyasaland ankamvera pa iyo mapulogalamu a Chinyanja ochokera ku nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Opanga ake anatseka mabowo ake ndi sefa kuti tizilombo tisalowe, nzeru imene mmisiri wa ku Manje, kumene mphemvu sizisowa, ayenera kuitengera mpaka lero. Pambuyo pake anthu obwera ku Halale ndi ku Joni anadza ndi mawailesi akuluakulu ndi magumbagumba a mavalavu oyendera magetsi a m'nyumba. Zonsezi zinagonja pamene thiranzisita, imene inatulukiridwa ku America mu 1947, inabweretsa mawailesi ang'onoang'ono osadya mabatire ambiri, onga a Nzeru amene ankalumikizidwa mu Blantyre momwe muno.

Zimene zimachitika m'botolomo

Valavu ndi kabotolo ka galasi kochotsedwa mpweya wonse. John Ambrose Fleming wa ku England ndiye anapanga yoyamba mu 1904, ndipo Lee de Forest wa ku America mu 1906 anaonjezamo chiwalo chachitatu chimene chinaipatsa mphamvu yokuza mawu. M'kati mwake muli kawaya kotenthetsa, kamene kamayaka mofiira ndi mavolti 6.3. Kawayako kamatenthetsa kachubu kotchedwa kathodi, ndipo kathodi ikatentha imatulutsa tinthu tosaoneka totchedwa maelekitironi. Mozungulira muli chitsulo chotchedwa puleti, chimene chimapatsidwa mavolti mazana awiri kapena atatu, ndipo chimakoka maelekitironiwo. Pakati pa ziwirizi pali giridi, kawaya kopyapyala kokulungidwa ngati mpanda. Giridi ili ngati mlonda wa pachipata amene alibe mphamvu zonyamula katundu, koma akangotukula dzanja pang'ono, khamu lonse limaima kapena kudutsa. Magetsi ochepa kwambiri akasintha pa giridi, magetsi ambiri amasintha pa puleti motsatira kayendedwe komweko. Kukuza mawu n'kumeneku, palibenso matsenga ena.

Nanga gitala imatulutsa magetsi ochuluka bwanji? Pansi pa nsambo zake pali pikapu, imene ndi maginito okulungidwa ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'wayamo mumabadwa magetsi okwana ngati gawo limodzi la magawo khumi a volti. Koma sipika ya maomu 8 kuti itulutse mawati 5 imafuna mavolti oposa 6 ndi mtsinje wa magetsi wokwana pafupifupi maampu 0.8. Ntchito yonse ya ampulifaya ndiyo kuyenda ulendo wochoka pa nambala yoyambayo kufika pa yachiwiri popanda kutola phokoso panjira.

Munthu amene dzina lake limatchulidwa kwambiri pa ntchito imeneyi sanali woimba. Leo Fender anali wokonza mawailesi m'tauni ya Fullerton ku California, kumene anatsegula kashopu kake mu 1938, ndipo oimba ndiwo ankabwera kwa iye ndi zida zawo zakufa. Ampulifaya yake yaing'ono ya ophunzira, imene inayamba kugulitsidwa mu 1948 ndipo pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti Champ, ili ndi mavalavu atatu okha ndi ziwalo zina zochepa zoti n'kukwana m'chikhatho. Ku London, Jim Marshall anayamba mu 1962 potengera ampulifaya ina ya Fender yotchedwa Bassman, n'kuikamo zipangizo zimene zinkapezeka ku Britain. Kutengera chithunzi cha wina ndi kuchisintha molingana ndi zimene zili pafupi si manyazi pa luso limeneli. Ndi mmene linakulira.

Oimba amakonda valavu chifukwa cha khalidwe lake ikalemedwa. Thiranzisita ikapyola malire ake imadula mawu mwaukali, ndipo khutu limamva kuswekasweka. Valavu imayamba kugonja pang'onopang'ono, mawu n'kumanenepa ndi kusasa mokoma. Koma choona chiyenera kunenedwa: ampulifaya ya mathiranzisita ndi yotchipa, yopepuka, ndipo imatha kuyendera batire la galimoto kapena sola magetsi akazima, pamene ya mavalavu imangokhala chete. Woimba wofuna ndalama za msanga pa ukwati wa Loweruka sangaiyambe ntchitoyi. Phindu lake lalikulu lili kwa wofuna kudziwa.

Kusaka zipangizo

Mavalavu sapezeka wambawamba m'misika ya Limbe kapena ya Ndirande monga zimapezekera zipangizo za mafoni. Amapangidwabe ku Russia, ku Slovakia ndi ku China, ndipo wowafuna atsopano amadalira kuitanitsa kunja kapena kutuma mbale wa ku Johannesburg. Njira ina ndiyo kusaka gumbagumba kapena wailesi yakale imene inaiwalika pansi pa bedi kwa agogo. M'zida za ku Ulaya zoterezi mumakonda kupezeka valavu ya ECC83, imene a ku America amaitcha 12AX7, ndi ya EL84 yotulutsa mphamvu. Ziwirizi n'zokwanira kupanga ampulifaya ya mawati asanu, imene ingadzaze kalasi kapena katchalitchi kakang'ono. Mavalavu a Saucepan Special sangathandize, poti mphamvu yake siifika ngakhale theka la wati.

Chofunika kuposa mavalavu ndi mathiransifoma awiri. Yoyamba, yaikulu ndi yolemera, imalandira mavolti 230 a ESCOM n'kutulutsa mavolti 6.3 a zotenthetsa ndi mavolti ngati 250 a mapuleti. Yachiwiri, yocheperapo, imakhala pakati pa EL84 ndi sipika. Valavu imeneyi imafuna kukankha katundu wa maomu pafupifupi 5,000 pamene sipika ili ndi maomu 8 okha, ndipo thiransifoma ndiyo imagwirizanitsa ziwirizi. Aphunzitsi a masamu ali ndi chitsanzo chabwino apa: 5,000 kugawa ndi 8 ndi 625, ndipo nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imapereka 625 ndi 25. Ndiye kuti waya wa mbali ya valavu wakulungidwa ka 25 pa kukulunga kumodzi kwa mbali ya sipika. Poyeza ndi mita, mbali ya valavu imaonetsa maomu mazana angapo, pamene ya sipika siifika ngakhale omu imodzi.

Pano ndi pamene pali msampha woyamba, ndipo ndi wakupha. Mawailesi ena akale otchipa anapangidwa opanda thiransifoma yaikuluyo. Magetsi a pakhoma ankalowa mwachindunji, ndipo waya mmodzi wa pakhoma ankalumikizidwa ku bokosi lachitsulo la m'kati, limene amisiri amalitcha chassis. Opanga ankadalira thupi la matabwa kapena pulasitiki kuti munthu asakhudze chitsulocho. Zida zoterezi zimadziwika ndi mavalavu a mayina oyamba ndi U, monga UL84 ndi UY85, ndiponso ndi kupepuka kwake. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: wailesi yotero imaoneka yosavuta kuisandutsa ampulifaya, koma siyenera kukhudzana ndi gitala ngakhale pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti nsambo za gitala ya magetsi zimalumikizidwa dala ku chassis kudzera m'nthambo ya gitala, kuti thupi la woimba lisabweretse phokoso. Chilichonse chimene chili pa chassis chili m'zala za woimba.

Nkhani imeneyi si yongoopseza ana. Mu 1972 Leslie Harvey, woimba gitala m'gulu la Stone the Crows, anafera pa nsanja mumzinda wa Swansea ku Wales, anthu akuona, atagwira maikolofoni imene inalibe waya wa pansi wabwino. Mu 1976 Keith Relf, amene kale ankaimba m'gulu la Yardbirds, anafa ndi magetsi m'nyumba mwake ku London akuimba gitala. Onsewa anali m'dziko la zida zabwino ndi amisiri ophunzira.

Msampha wachiwiri umadza ndi zithunzi za kayendedwe ka magetsi zimene achinyamata amazipeza pa intaneti. Zambiri ndi za ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi mavolti 120, ndipo thiransifoma yopangidwira kumeneko ikalumikizidwa ku magetsi a kuno imapsa nthawi yomweyo. Zithunzi za m'zaka za m'ma 1950 zimaonetsanso pulagi ya mano awiri ndi kapasita wolumikiza waya wa pakhoma ku chassis. Kapasita ameneyo akafa modutsitsa magetsi, chassis imasanduka waya wamoto. Wokopera chithunzi ayenera kumusiya kunja, ndipo m'malo mwake agwiritse nthambo ya mawaya atatu. Pa pulagi ya mano atatu imene imagwira ntchito m'Malawi, waya wa bulauni ndiye wamoto ndipo amadzera pa fyuzi ndi switchi. Wa buluu ndi wobwerera. Wobiriwira wa mizere yachikasu ndiye wa pansi, amene amisiri amamutcha earth. M'nthambo zakale mitundu yake inali yofiira, yakuda ndi yobiriwira. Waya wachitatuyu amangidwe ku chassis ndi bawuti yakeyake, pamalo opalidwa penti, ndipo akhale wamtali kuposa anzake awiriwo, kuti nthambo ikakokedwa mwangozi iye akhale womaliza kuduka. Ntchito yake ndi imodzi: waya wamoto akakhudza chassis, magetsi athamangire pansi n'kupsereza fyuzi asanapeze njira ya m'thupi la munthu.

Kulumikiza

Mmisiri wanzeru amayamba ndi pensulo. Amaika thiransifoma yaikulu kumapeto kumodzi kwa chassis ndi polowera gitala kumapeto ena, kutali momwe kungathekere, chifukwa thiransifoma imamwaza mphamvu ya maginito imene valavu yoyamba imaitola n'kuikuza pamodzi ndi nyimbo. Mathiransifoma awiriwo asayang'ane mbali imodzi. Ina itembenuzidwe mopingasa.

Mawaya oyamba kuikidwa ndi a zotenthetsa. Awiriwa apotedwe pamodzi ngati chingwe cha khonje ndi kugonekedwa m'ngodya ya chassis, kutali ndi magiridi. Kupotako kumachititsa kuti phokoso la waya mmodzi lifafanize la mnzake. ECC83 imadya maampu 0.3 ndipo EL84 imadya 0.76, kotero thiransifoma iyenera kupereka oposa ampu imodzi popanda kutentha. Miyendo ya mavalavuwa ndi isanu ndi inayi, ndipo imawerengedwa kuchokera pa mpata, motsata kayendedwe ka wotchi, munthu akuyang'ana soketi chapansi. Ambiri amalakwa pomwepa powerenga akuyang'ana chapamwamba, zonse n'kutembenuka. Pa ECC83, imene ili ndi mavalavu awiri m'botolo limodzi, miyendo 1, 2 ndi 3 ndi puleti, giridi ndi kathodi za mbali ina, ndipo 6, 7 ndi 8 ndi za mbali inayo. Pa mavolti 6.3 miyendo 4 ndi 5 imamangidwa pamodzi ku waya mmodzi, mwendo 9 ku waya winayo. Pa EL84 giridi ili pa 2, kathodi pa 3, zotenthetsa pa 4 ndi 5, puleti pa 7, ndipo giridi yachiwiri ili pa 9.

Magetsi a mapuleti amayenera kuwongoledwa kuti aziyenda njira imodzi, ntchito imene imagwiridwa ndi valavu yonga EZ80 kapena ndi timadayodi ta 1N4007 timene timapezeka kwa wokonza mawailesi aliyense. Kenaka amasalazidwa ndi makapasita akuluakulu. Mavolti 250 a thiransifoma akawongoledwa amakwera kufika pafupifupi 350, choncho makapasita akhale olembedwa mavolti 450. Akuluakulu amati tsobola wakale sawawa, koma mwambiwu sugwira pa kapasita: amasunga moto wake ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo mtsinje wa mamiliampu 50 okha ukadutsa pamtima ungathe kupha. N'chifukwa chake pa kapasita woyamba pamaikidwa rezisita ya maomu 220,000 yoti izitaya motowo pang'onopang'ono. Pa kapasita wa mamaikirofaradi 47 ntchito imeneyo imatenga pafupifupi mphindi imodzi. Ngakhale zili choncho, rezisita nayo imafa osalengeza, kotero chala chisalowe m'bokosi mita isananene kuti moto watha.

Mawaya onse opita pansi asangomangidwa paliponse pamene papezeka bawuti. A mbali ya makapasita akuluakulu amanyamula mtsinje wauve wodukizadukiza, ndipo akasakanikirana ndi a valavu yoyamba, uvewo umamveka m'sipika. Gulu lililonse likhale ndi pokumana pake. Waya wochoka polowera gitala kupita ku giridi yoyamba akhale wamfupi, ndipo ngati kutalika sikungapeweke, akhale wa chikopa cha mkuwa. Powotcherera, chitsulo chitenthetse waya ndi mwendo pamodzi, mtovu usungunuke pa izo osati pa chitsulocho. Mfundo yabwino imawala ndi kusalala. Yotuwa ndi yabulungira ngati ndowe za mbuzi idzavutitsa pakapita mwezi.

Kuyatsa koyamba ndi kusaka matenda

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanayatse, mmisiri amatenga chithunzi ndi pensulo yofiira n'kutsata waya aliyense, kuchonga amene wamupeza pamalo pake. Kenaka amayeza ndi mita kuti dzino la pansi la pulagi likulumikizana ndi chassis, ndi kuti mano ena awiriwo sakulumikizana nayo.

Chida chothandiza kwambiri pa tsiku limeneli ndi chotchipa kuposa zonse: babu la mawati 60 la kawaya koyaka, lolumikizidwa pa waya wamoto kuti magetsi onse opita ku ampulifaya azidzera mwa ilo. Zonse zikakhala bwino, babu limawala kamphindi pamene makapasita akudzaza, kenaka n'kuzilala. Likapitiriza kuwala kwambiri, penapake pali mawaya ogundana, ndipo babulo lameza mphamvu imene ikadapsereza thiransifoma. Mababu a LED amene afala masiku ano sagwira ntchito imeneyi, choncho babu lakale likapezeka ndi loyenera kulisunga ngati dzira.

Kuyatsa koyamba kumachitika mavalavu onse atazulidwa, kuti ayeze mavolti 6.3 pa masoketi. Pambuyo pake ndi pamene mavalavu amalowa, sipika italumikizidwa kale. Ampulifaya ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika, chifukwa mphamvu yosowa kopita imabwerera m'thiransifoma yaing'ono n'kuboola zotchinga za mawaya ake, ndipo thiransifoma imeneyi ndiyo yovuta kupeza kuposa zonse. Poyeza moto ukuyaka, waya wakuda wa mita amangiriridwe ku chassis ndi kopanira, dzanja limodzi lokha ligwire waya wofiira, linalo likhale m'thumba. Wotchi ndi mphete zivulidwe, mapazi akhale m'nsapato zouma, osati pa simenti yonyowa, ndipo pafupi pakhale munthu wina wodziwa pozimitsira. Wophunzira asachite zimenezi payekha popanda mmisiri kapena mphunzitsi wozolowera magetsi aakulu.

Manambala amene mita imapereka amalankhula kwa yekhayo amene anamvetsera lamulo la Ohm m'kalasi ya Fizikisi. Pa mbali imodzi ya ECC83, kathodi imakhala ndi rezisita ya maomu 1,500 ndipo puleti ya maomu 100,000. Mita ikaonetsa mavolti 1.5 pa kathodi, ndiye kuti m'valavumo mukudutsa miliampu imodzi. Miliampu yomweyo podutsa pa maomu 100,000 imasiya mavolti 100, kotero ngati kumtunda kwa rezisita kuli 250, pa puleti payenera kukhala pafupifupi 150. Pa puleti pakapezeka 250 yonse ndipo pa kathodi palibe kanthu, valavu sikuyendetsa magetsi: mwina chotenthetsa chazima. Pa puleti pakapanda kanthu, rezisita yaduka kapena waya waiwalika. Pa EL84, rezisita ya kathodi ya maomu 150 iyenera kuonetsa mavolti ngati 7, kutanthauza mamiliampu osapitirira 50. Akakwera kwambiri ndipo puleti n'kuyamba kufiira ngati khala, switchi izimitsidwe msanga. Wolakwa kawirikawiri ndi kapasita wamng'ono wolumikiza puleti ya valavu yapitayo ku giridi ya EL84, amene wakalamba n'kuyamba kudontheza magetsi. Makapasita a pepala ndi phula ochotsedwa m'mawailesi akale ali ndi nthenda imeneyi pafupifupi onse, ndipo kuwabwezeretsa pa ntchito ndi kupulumutsa tambala n'kutaya kwacha.

Ampulifaya ikakhala chete, msaki amayambira ku sipika kubwerera m'mbuyo. Nsonga ya mita ikakhudza giridi ya EL84, m'sipika muyenera kumveka kathu. Pa giridi ya valavu yapambuyo pake phokosolo liyenera kukula, ndipo pa giridi yoyamba likule koposa. Pamene phokoso laleka kumveka, matenda ali pakati pa malo amenewo ndi malo omaliza amene linamveka. Wosadziwa njira imeneyi amasintha ziwalo mwachisawawa mpaka ndalama zitatha. Ndiponso nthawi zambiri wolakwa sakhala m'bokosi n'komwe, koma m'nthambo ya gitala imene yaduka pakhosi.

Nthenda yofala kuposa zonse ndi kung'ung'udza, ndipo pano woimba amaposa mmisiri chifukwa ali ndi khutu. Magetsi a m'Malawi amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Kung'ung'udza kwa 50 kumachokera ku mawaya a zotenthetsa, ku thiransifoma yoyandikira, kapena ku mawaya a pansi osokonekera. Kwa 100 kumachokera ku makapasita akuluakulu ofooka, poti kuwongola magetsi kumawirikiza nambalayo kawiri. Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta: nsambo yonenepa ya gitala ikadindidwa pa fureti yachitatu imalira G wa kunjenjemera ka 98 pa sekondi. Phokoso likafanana ndi liwu limenelo, ndi la makapasita. Likakhala lakuya kuposa pamenepo, longa G wa pa gitala ya besi, ndi la 50. Kachitsulo kokwezera mawu nako ndi mboni. Phokoso likatha pamene katsitsidwa mpaka pansi, labadwira kutsogolo, pa valavu yoyamba kapena polowera gitala. Likakhalabe, lili kumbuyo kwake.

Kulira kwa mluzu wobaya m'khutu atangoyatsa kumakonda kudza pa zithunzi zimene zili ndi waya wobweza mawu pang'ono kuchoka ku sipika kupita ku kathodi ya valavu yachiwiri. Mawaya awiri a thiransifoma yaing'ono akatembenuzidwa, mawu obwererawo amaonjezera m'malo mochepetsa, ndipo mankhwala ake ndi kungosinthanitsa mawaya a mbali imodzi. Mluzu wina umadza pamene waya wa puleti ya EL84 wadutsa pafupi ndi waya wa giridi yoyamba. Kugunda kwa phuphuphu konga njinga yamoto ndi kwa kapasita wofooka pa magetsi a valavu yoyamba. Kuthetheka kobwera ndi kupita ndi mfundo youma kapena soketi ya dzimbiri, ndipo kumasakidwa ndi kamtengo kouma ka nsungwi, kugogoda pang'ono chiwalo chilichonse mpaka chimene chayankha. Pensulo siloledwa pa ntchito imeneyi, poti mtima wake wakuda umayendetsa magetsi.

Nyengo ya ku Manje ili ndi mbali yake. Fumbi la mwezi wa Okutobala likagona pa masoketi n'kukumana ndi chinyezi cha dzinja, limasanduka njira ya magetsi pakati pa miyendo yoyandikana, ndipo mavolti 300 amalambula kanjira kakuda kamene sikachotseka. Soketi yotero ndi yotaya. Mbewa zimakonda kufunda kwa m'bokosi ndi kukoma kwa chikopa cha mawaya. Mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kupha anthu ambiri ku Manje ndi ku Chilobwe, katundu wochuluka wa opulumuka anamira m'madzi. Chida cha magetsi aakulu chimene chinanyowapo chotero sichiyatsidwa chifukwa choti kunja kwauma. Thiransifoma imasunga chinyezi m'kati mwa mapepala ake kwa masabata, ndipo iyenera kuumitsidwa nthawi yaitali ndi kuyezedwa ngati mawaya ake sakudontha kupita ku chitsulo chake. Magetsi akazima n'kubwera mwadzidzidzi nawonso amadza ndi ukali, kotero pulagi izulidwe nthawi ya mdima.

Chotsala ndi chimene mmisiri sangachikonze ali pa benchi lake. Waya wachitatu wa ampulifaya amagwira ntchito pokhapokha soketi ya pakhoma ili ndi njira yeniyeni yopita m'nthaka. M'nyumba zina za m'makomboni, kumene magetsi anakokedwa ndi mawaya awiri kuchokera ku nyumba yaikulu, bowo lachitatu la soketi ndi chokongoletsa chabe, ndipo nthambo zambiri zotalikitsira magetsi zogulidwa pamsika zili ndi mawaya awiri okha m'kati. Ena amathyola dala dzino la pansi poti akuti likubweretsa phokoso. Choncho woimba akafika pa holo, pa tchalitchi kapena pa bwalo la ukwati, mita ipite naye. Pakati pa bowo lamoto ndi bowo la pansi payenera kuoneka mavolti pafupifupi 230. Pakapanda kuoneka kanthu, waya wa pansi kulibe. Zida zonse zitayatsidwa, ayeze pakati pa nsambo za gitala ndi chitsulo cha maikolofoni, mita ili pa magetsi osinthasintha. Ikaonetsa mavolti makumi angapo kapena kuposerapo, gitala itsamire kukhoma, ndipo mwini mwambo auzidwe kuti nyimbo zichedwa kufikira nthambo ina itapezeka.